Momwe mungakonzekeretsere mwana ulendo wake woyamba wa ku Joni pa basi

Sukulu zikatsekera, mabanja ambiri amatenga ana kukaona bambo awo kapena azakhali awo ku Johannesburg. Munthu wamkulu ulendowu amangotopa nawo, koma kwa mwana amene sanatulukepo m'Malawi ndi nkhani yaikulu: mayiko atatu achilendo, zipata zitatu, ndi usiku wogonera pampando. Ana ambiri amavutikira pa boda, pamene adikira nthawi yaitali osauzidwa chimene chikuchitika. Kukonzekera kwanu kuyang'ane pamenepo.

Choyamba, mapepala. Mwana aliyense, ngakhale wakhanda, amafunika pasipoti yakeyake, ndipo imatengedwa ku nthambi ya Immigration. Yambani msanga, miyezi ingapo ulendo usanafike. Tenganinso chiphaso chake chakubadwa cha ku NRB. Ngati mukuyenda kholo limodzi, kapena mwanayo akupita ndi agogo ake, kholo lotsalalo lilembe kalata yovomereza, yolumbiridwa pamaso pa loya kapena ku khoti, ndipo muphatikize fotokope ya chiphaso cha kholo limenelo. Mwina sakakufunsani, koma nkhani za kuzembetsa ana zachititsa kuti ogwira ntchito m'zipata akhale tcheru, makamaka dzina la bambo la mwanayo likasiyana ndi lanu. Amalawi amaloledwa kulowa mu South Africa kukacheza masiku 30 popanda viza. Buku la kuchipatala la mwana lisatsale.

Chachiwiri, mufotokozereni njira musananyamuke. Jambulani papepala. Ochokera ku Blantyre amatulukira pa Mwanza n'kulowa Mozambique pa Zóbuè, ochokera ku Lilongwe ambiri amadzera pa Dedza. Kenako Tete, pamene basi imawoloka mtsinje wa Zambezi. Ngati kwacha, mudzutseni aone, chifukwa mtsinje waukulu chotero sanauonepo. Mukadutsa apo mufika pa Nyamapanda polowera Zimbabwe, kenako Harare, Masvingo, mpaka Beitbridge pa mtsinje wa Limpopo. Mukawoloka mwalowa South Africa: Musina, Polokwane, Johannesburg. Mwana amene ali ndi pepala lakelo m'manja amadula mzere dzina lililonse mukalipitirira, ndipo funso la "Amayi, tifika liti?" amadziyankha yekha.

Chachitatu, ndipo apa ndipo pagona nkhani, yesezani za pa boda muli pakhomo. Muuzeni kuti pachipata aliyense amatsika, amaima pamzere, ndipo munthu wovala yunifolomu amayang'ana nkhope yake n'kudinda pasipoti. Ana athu ambiri amaopa yunifolomu chifukwa timawaopseza ndi apolisi akalakwa. Khalani inu ofisala, mumufunse: "Dzina lako ndani? Awa ndi ndani ako? Ukupita kuti?" Ayankhe mokweza, osayang'ana pansi. Mwana wamanyazi akangoti zii atafunsidwa ngati ndinu mayi ake, mafunso amachuluka, basi yonse n'kumadikira inu.

Pa Beitbridge ndi pamene pamafunika mtima. Ndi chipata chodutsa anthu ndi magalimoto ambiri zedi, ndipo nyengo ya Khirisimasi mizere imatalika koopsa. Nthawi zina katundu yense amatsitsidwa kuti afufuzidwe. Dzanja la mwana musalisiye, ngakhale mukukoka chikwama. Wamng'ono mberekeni. Wamkulupo aloweze mtundu ndi dzina la basi yanu, chifukwa mabasi amaima ambiri ofanana, ndipo m'thumba mwake muikemo kapepala kolemba dzina lanu ndi nambala ya wachibale wa ku Joni. Pasipoti yake isungeni ndinu. Munthu wosavala yunifolomu akati akuthandizeni kudinditsa mwachangu, kanani.

Chachinayi, kamba. Mbatata yophika, mazira owiritsa, buledi, mtedza ndi madzi okwanira. Zonona kwambiri zimabweretsa mseru m'basi, choncho sungani majumbo awiri atatu pafupi pamodzi ndi zovala zosinthira, osati m'chikwama chimene chili pansi pa basi. Zipatso ndi nyama zithe musanafike pa Beitbridge, poti South Africa imakhwimitsa malamulo pa zakudya zotere. Paketi ya Thanzi ndi mankhwala oziziritsa thupi zikhale m'kachikwama ka m'manja. Basi ikaima paliponse, mutengereni kuchimbudzi ngakhale akukana, ndipo khalani ndi ndalama zing'onozing'ono za rand poti zimbudzi zambiri n'zolipira.

Zovala muganizire mbali ziwiri. Ku Tete kumatentha kwambiri, pamene ku Johannesburg mu June ndi July kumazizira kuposa ku Dedza, mpaka madzi kuundana m'mawa masiku ena. Juzi, chipewa, masokosi ndi kabulangete zikhale pamwamba.

Chomaliza, mukangodindiridwa polowa South Africa, tsegulani pasipoti ya mwana pomwepo muone kuti chidindo chilipo komanso tsiku limene alemba kuti mutuluke. Mukapitirira tsikulo mutha kuletsedwa kulowanso m'dzikolo kwa nthawi, ndipo mwana naye zimamukhudza. Wodzakuchingamirani pa Park Station, depoti ya mabasi ya ku Johannesburg, mumuuze nthawi imene mwanyamuka pa Musina kuti mukamupeze ali kale pompo. Wotchi musasinthe, nthawi ya ku Malawi ndi ya ku South Africa ndi imodzi.