Shawa ya magetsi: momwe imatenthetsera madzi ndi pamene ngozi imabisala

Shawa ya magetsi simasunga madzi otentha ngati giza. Imawatenthetsa pomwe akudutsa, m'masekondi ochepa chabe, ndipo n'chifukwa chake imadya magetsi ambiri nthawi imodzi. Mkati mwake muli elementi, waya wopotanapotana wa chitsulo chotchedwa nichrome, amene amatentha kwambiri magetsi akamadutsamo.

Pali mitundu iwiri. Ya bokosi lomangidwa pakhoma, yofala ku Britain, nthawi zambiri elementi yake imakhala yokutidwa m'kachubu kachitsulo, moti magetsi sakhudzana ndi madzi. Ina ndi ija yomangidwa kumapeto kwa paipi, pamwamba pa mutu wa wosamba, yofala ku Brazil ndi maiko oyandikana nalo. Iyi elementi yake ndi waya wosakutidwa, womira m'madzi momwemo. Mukatsegula mpopi, madzi amakankha kampira kopyapyala kamene kamagunditsa tizitsulo ta magetsi, elementi n'kuyaka. Mukatseka, kampirako kamabwerera, magetsi n'kuduka.

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti kutentha kwa madzi kumadalira kuchuluka kwa madzi amene akudutsa. Shawa ya 8.5 kW ikamatulutsa malita 5 pa mphindi, imawonjezera madigiri pafupifupi 24. Madzi olowa ali pa madigiri 15 amatuluka ali pa 39, abwino kusamba. Mukatsegula mpopi mpaka malita 8 pa mphindi, imangowonjezera madigiri 15, madzi n'kutuluka ofunda pang'ono chabe. Choncho nyengo yozizira madzi akamakana kutentha, musafulumire kunena kuti shawa yafa, chepetsani madzi. Koma musachepetse mopyola, chifukwa madzi a madigiri 60 amawotcha khungu m'masekondi ochepa, makamaka la mwana ndi la munthu wokalamba.

Tsono nkhani ya ngozi. Shawa yokha si imene imapha anthu kawirikawiri, koma kalumikizidwe kake. Shawa ya 8.5 kW pa mavoti 230 imakoka ma ampu pafupifupi 37, pamene pulagi wamba amapirira 13 kapena 16 basi. Siyenera kulumikizidwa ku soketi, kapena ku waya wa mababu. Imafunika waya wakewake wochokera ku bokosi lalikulu la magetsi, wosagawana ndi chipangizo china, ndi breaker yakeyake, swichi ya m'bokosimo imene imadula yokha magetsi akachuluka mopyola. Pa shawa yotereyi kunenepa kwa waya kumakhala 6 mm² kapena 10 mm², malinga ndi kutalika kwa mtunda ndi momwe wayayo wayendera m'khoma, ndipo breaker imakhala ya ma ampu 40. Ya pamutu ya 5,500 W pa mavoti 220 imakoka ma ampu 25, ndipo imafuna waya wosachepera 4 mm². Waya wochepa amatentha, pulasitiki yake imasungunuka, moto umayambira kudenga kumene simukuona. Ntchito imeneyi ndi ya mmisiri wa zamagetsi wovomerezeka, osati yoyeserera.

Pali zinthu ziwiri zimene zimateteza moyo wa wosamba. Choyamba ndi waya wa earth, uja wobiriwira kapena wobiriwira ndi chikasu. Ntchito yake ndi kutenga magetsi othawa n'kuwapititsa pansi asanadutse m'thupi mwanu. Pa shawa ya pamutu, nsonga ya wayayu imakhala m'madzi pafupi ndi potulukira, kuti igwire magetsi ochokera ku elementi. N'zomvetsa chisoni kuti nthawi zambiri amangosiyidwa akulendewera, kapena kukulungidwa pa paipi, poti shawa imatenthetsabe ngakhale iye palibe. Chachiwiri ndi RCD ya 30 mA, kachipangizo kamene kamayerekeza magetsi opita ndi obwerera. Akasiyana pang'ono chabe, kamadula magetsi sekondi isanathe. Breaker wamba imateteza waya kuti asapse, koma sizindikira magetsi ochepa amene angathe kuimitsa mtima wa munthu wonyowa, wosavala nsapato, woima pa simenti. RCD ili ndi batani loyesera. Lidineni pakapita miyezi ingapo, ndipo magetsi akapanda kuzima, isinthidwe.

Yang'anani polumikizira mawaya pamwamba pa shawa. Mukaona mawaya ongopotedwa ndi manja n'kukulungidwa ndi tepi yakuda imene yayamba kufutukuka ndi nthunzi, pamenepo pali vuto. Polumikiza pofooka pamatentha, pamada, kenako pamatulutsa fungo la pulasitiki yopserera. Pafunika kolumikizira komanga ndi masikuluwu, kopirira kutentha, kotetezedwa ku madzi.

Mukamva kunyerenyetsa pogwira mpopi kapena m'madzi, makamaka pachala pamene pali kabala, tulukani, zimitsani pa breaker, ndipo wina aliyense asasambemo mpaka mmisiri aone. Kuvala masilipasi si mankhwala ake. Musasinthenso swichi ya kutentha pa shawa ya pamutu madzi akutuluka. Tsekani mpopi kaye.

Poika shawa yatsopano kapena posintha elementi, zimitsani magetsi pa breaker, tsegulani madzi ayende mpaka mkati mudzaze, ndiyeno yatsani. Elementi ikayaka pouma imapsa nthawi yomweyo. Kumene madzi ali ndi mchere wambiri wa m'nthaka, timabowo totulukira madzi timatsekeka ndi zoyera zouma ngati laimu. Madzi amachepa, amatentha mopyola, ndipo shawa ya pakhoma imayamba kudzizimitsa yokha, madzi n'kumasinthasintha, apa otentha apa ozizira. Zimitsani magetsi, masulani kambale kotulukira madziko, kaviikeni mu viniga kwa maola angapo, kenako katsukeni ndi mswachi wakale musanakabwezeretse.