Mmene ndinathanirana ndi phokoso komanso kusinthasintha kwa makalasi ku koleji

Ndili ndi autism, kagwiridwe ntchito ka ubongo kosiyana ndi ka anthu ambiri, komwe kamachititsa kuti phokoso ndi kusintha kwadzidzidzi zizindivuta. Ku sekondale belu ndi limene linkandiuza zochita. Nditakhoza MSCE n'kulowa koleji kuno ku Mangochi, belu kunalibe, makalasi ankasinthidwa pa gulu la WhatsApp, ndipo phokoso la ku hostel ndi kutentha kwa October zinkandisowetsa tulo. Kuwerenga usiku sikunathandize.

Chinathandiza n'kulembera kalata a Dean of Students, poti pakamwa mawu amandithawa. Ndinaphatikiza kalata ya kuchipatala, n'kupempha zinthu ziwiri zokha: chipinda chakumapeto, kutali ndi jenereta, komanso kuti a class rep azinditumizira pandekha kusintha kulikonse. Anavomera. Kenako ndinagula timapulagi ta m'makutu ku famase, totchipa ndithu, n'kutchera alamu pafoni mphindi 15 kalasi isanayambe.