Khadi lakale la ATM musangolitaya, fufutani kaye kamzere kakuda

Kamzere kakuda kakumbuyo kwa khadi kaja kamasunga nambala ya khadi, dzina lanu ndi mwezi womwe likuthera, ndiye kungolipinda nkuponya mu bini sikokwanira, wina amene ali ndi kamakina kowerengera atha kukopera zonsezo.

Choyamba pezani maginito, ndipo apa mpomwe pali nkhani. Makhadi aku banki ndi amtundu wa HiCo, mzere wake umafuna mphamvu ya ma oersted (muyezo wa mphamvu ya maginito) 2750 kapena kuposa kuti ufufutike, pomwe timakhadi totsegulira zitseko ku hotela tija ta mzere wabulauni ndi LoCo, 300 basi, nchifukwa chake timafa msanga tikagundana ndi maginito otsekera chikwama cha amayi kapena kava ya foni. Ine ndinagula maginito kwa mnyamata wina wamumsika amene analumbira kuti ndi amphamvu zedi, ndalama nkulipira, kunyumba ndinakhula khadi mpaka mkono kuwawa. Nditapita nalo kwa mnzanga wa shopu kukaswaipa pa POS (kamakina kolipirira ndi khadi) makina anangoti lowetsani chip (kachitsulo konyezimira kakutsogolo kwa khadi kaja), kutanthauza kuti mzere uja anauwerenga bwinobwino. Anali maginito wamba omata pa fuliji aja. Ofunika ndi a neodymium, amapezeka mkati mwa hard disk yakufa, pitani kwa okonza makompyuta akupatsani motchipa, ena angokuuzani kuti tengani. Samalani zala, amapana koopsa, komanso musawayandikize pa waleti muli makhadi omwe mukugwiritsa ntchito.

Akhudzitseni pa mzerewo nkumakoka kuchokera mbali ina kufika mbali inayo, mobwerezabwereza, kenako kayeseni pa POS. Makina akalephera kuwerenga ndiye kuti zatheka.

Koma chip ija maginito saikhudza ngakhale pang'ono. Imeneyo iduleni ndi sizasi pakati penipeni, dulaninso pomwe pali manambala 16 ndi atatu akumbuyo aja. Mzere uja mutha kuupalanso ndi sandipepa ngati mukukaikabe. Kuotcha pa mbaula ayi, utsi wa pulasitiki wake ndi woipa.

Zidutswa musataye malo amodzi, zina mu chimbudzi chokumba zina mu bini. Ngati khadilo silinathe nthawi yake imbirani kaye banki alitseke, poti nambala ija imagwirabe ntchito pa intaneti ngakhale khadi litaduka.