Kasungidwe ka madzi a vape (fodya wamagetsi) kuti asaonongeke msanga

Pezani kaye kabokosi kotsekeka komanso cholembera.

1. Onani deti pabotolo, ambiri amakhala chaka kapena zaka 2 asanatsegulidwe. Lembanipo tsiku lomwe mwatsegula.
2. Mukangothira tsekani zolimba, mpweya ndi umene umadetsa nikotini (mankhwala a mufodya omwe ali mmadzimo).
3. Ikani mkabokosi, pamdima pozizira. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya, akuti ku Dedza kuno nkozizira basi nkusiya botolo pawindo kapena mgalimoto, koma dzuwa la Okutobala silinyengerera, pansi pa malata ndiye musanene. Mu Juni akalimba ndi chisanu musadandaule, fumbatani mmanja afewa.
4. Kabokosiko kakhale pamwamba ana asafikire, nikotini akamwa ndi poizoni.
5. Akada bii, fungo lasintha komanso akukanda pakhosi, tayani basi.