Kuteteza ndalama za bizinesi poyanjanitsa buku lanu ndi sitetimenti ya kubanki

Eni mabizinesi ambiri muno mu Zomba, kaya ndi ogulitsa simenti ndi malata m'tauni, opikulitsa mpunga wa ku Likangala kapena a golosale pa Chinamwali, amalemba mlonda ndi kugula maloko olimba poopa wakuba wothyola chitseko usiku. Komatu ndalama zimathanso kutuluka dzuwa likuswa mtengo, pang'onopang'ono, kudzera m'manja mwa anthu amene munawapatsa makiyi nokha. Paja amati mbuzi imadya pomwe aimangirira. Ntchito yanu si kukayikira wantchito aliyense, koma kukonza zinthu mwakuti munthu mmodzi asathe kutenga ndalama n'kubisanso yekha umboni wake.

Choyamba, bizinesi ikhale ndi akaunti yakeyake ku banki, yosiyana ndi ya pakhomo. Kenako gawani ntchito: wolandira ndalama pa kauntala asakhale yemwe amalemba buku la ndalama, ndipo wolemba bukuyo asakhale amene amakaika ndalama ku banki. Lamuloli silisintha ngakhale wapakauntala atakhala mlamu wanu kapena mwana wa mlongo wanu; kunena zoona limafunika kwambiri pamenepo, chifukwa wachibale ndi amene timachita naye manyazi kumufunsa. Ngati antchito ndi awiri okha, inu mwini mudzitengere ntchito yoona sitetimenti, pepala la kubanki losonyeza ndalama zolowa ndi zotuluka mu akaunti. Nkhani ya Cashgate imene inaululika mu 2013 inayenda motere: makampani ankalipidwa ndalama za boma osapereka katundu aliyense, zolemba zake n'kufufutidwa m'makompyuta a IFMIS, dongosolo limene boma limalemberamo ndalama zake. Zoterezi zimatheka paliponse pamene wolipira alinso ndi mphamvu yosintha zolemba, ngakhale m'shopu ya chipinda chimodzi.

Aliyense wogula alandire lisiti lochokera m'buku la manambala otsatizana, ndipo lisiti lolakwika lisang'ambidwe koma lilembedwe kuti lafafanizidwa n'kusiyidwa momwemo. Potseka madzulo anthu awiri awerenge ndalama pamodzi, achotse zachenje zimene anayamba nazo m'mawa, afananitse zotsalazo ndi malisiti a tsikulo, kenako onse asayine. Shoti ilembedwe tsiku lomwelo, chimodzimodzinso ndalama zikapitirira. M'mawa mwake ndalamazo zipite ku banki zathunthu, osatapapo zogulira mayunitsi a magetsi kapena zolipira aganyu otsitsa katundu. Za tizinthu totere patulani thumba lapadera, mwachitsanzo K50,000, lomwe ndalama iliyonse yotulukamo ikhale ndi kapepala kosayinidwa, ndipo muziwonjezeramo zokhazo zimene timapepalato tikusonyeza. Nanunso mukatenga ya ndiwo, ya fizi kapena ya chipepeso pa maliro, lembani, popeza wantchito akaona bwana akupisa dzanja m'kabati osalemba amadziwa kuti chosowa chilichonse chidzaganiziridwa kwa bwanayo.

Ogula akamalipira pa Airtel Money, TNM Mpamba kapena Mo626, ndalama zizilowa pa nambala ya bizinesi, osati ya wantchito, ndipo katundu asatuluke chifukwa cha meseji imene wogula akukuonetsani pa foni yake. Onani nokha kuti ndalamazo zalowadi. Ngati mukugwiritsabe ntchito macheke, cheke chopanda dzina ndi kuchuluka kwa ndalama musachisayine, ngakhale mutakhala pa ulendo wofulumira wa ku Limbe.

Zonsezi ndi zolemba za anthu anu. Mboni yokhayo imene simuilipira malipiro ndi sitetimenti ya kubanki, n'chifukwa chake iyenera kufika kwa inu mwachindunji, pa imelo yanu kapena mukaitenge nokha ku nthambi, isanadutse m'manja mwa wolemba buku. Mwezi ukatha, yalani pa tebulo sitetimentiyo, buku la ndalama, masilipi odindidwa a kubanki ndi pepala limene munayanjanitsirapo buku ndi sitetimenti mwezi wapitawo. Yambani ndi zimene zinatsalira pa pepala lakalelo, muone ngati zaonekera tsopano. Mukatero tsatani mzere ndi mzere, kuchonga mbali zonse ziwiri ndalama iliyonse imene ikupezeka m'buku komanso pa sitetimenti, poyang'ana kuchuluka kwake ndi tsiku lake lomwe. Zosachongedwa ndizo zikufotokozereni kusiyana.

Tiyerekeze kuti pa 31 Malichi buku lanu likuti ku banki kuli K1,850,000 pomwe sitetimenti ikuti K1,987,500. Pa sitetimenti mwapeza zinthu ziwiri zimene m'buku mulibe: banki inadula K12,500 ya ntchito zake, ndipo kasitomala wina wa ku Jali anabweza ngongole ya K300,000 molunjika mu akaunti osakuuzani. Izi zilembeni m'buku, chifukwa buku ndilo linatsalira. Likakonzedwa lisonyeza K2,137,500. M'bukunso mwapeza ziwiri zimene banki sinazionebe: K400,000 imene munagulitsa pa 31 koma inakaikidwa pa 1 Epulo, ndi cheke cha K250,000 chimene munapatsa wokugulitsani katundu koma sanakachipereke ku banki. Izi musakhudze nazo buku, popeza zinalembedwa kale molondola. Pa pepala lapadera lembani K1,987,500 ya pa sitetimenti, onjezerani K400,000, chotsani K250,000, ndipo mupeza K2,137,500, yofanana ndi buku lokonzedwa lija. Ndalama zimene mungadalire pokonza zogula ndi zimenezi, osati za pa sitetimenti, pakuti cheke chija chikhoza kufika tsiku lililonse.

Zikakana kufanana, musathamangire kuloza munthu chala. Gawani kusiyanako ndi 9, ndipo kukagawika bwinobwino mwina manambala anatembenuzidwa, monga kulemba K45,000 m'malo mwa K54,000. Onaninso theka la kusiyanako, chifukwa ndalama yolowa ikalembedwa mbali ya zotuluka imasokoneza kawiri. Chimene sindingakulangizeni n'kulemba kusiyana kochepa ngati zotayika kuti mutseke msanga, popeza K500 ikhoza kukhala yotsala pamene zolakwika ziwiri zazikulu zaphimbana. Ngati yalakwitsa ndi banki, lemberani kalata mkulu wa nthambi, muphatikizepo fotokope ya silipi, ndipo buku lanu musalisinthe.

Masiku olembedwa m'buku ndi pa sitetimenti ndi amene amaulula kuba kofala kumene ziwerengero zokha sizingakuonetse. Wopita ku banki amatenga ndalama za Lolemba, n'kudzatseka dzenjelo ndi za Lachiwiri, za Lachiwiri n'kutseka ndi za Lachitatu, mwakuti pa mapeto a mwezi zonse zimaoneka zokwana kupatula zomaliza, zimene amati zili m'njira. Choncho ndalama iliyonse imene yalembedwa kuti ili m'njira iyenera kuonekera pa sitetimenti yotsatira m'masiku oyambirira enieni, ndipo zogulitsa za tsiku lililonse zifanane ndendende ndi silipi ya tsiku lotsatira. Mukaona kuti ndalama zimene kale zinkalowa m'mawa mwake tsopano zikutenga masiku atatu kapena asanu, banki ili pamtunda woyenda pansi, werengani ndalama za m'kabati mwadzidzidzi pakati pa sabata, kenako mutume munthu wina ku banki kwa masabata awiri, wozolowera uja ali pa tchuthi. Pepala la mwezi uliwonse lisayinidwe ndi amene walikonza, inu mulionenso n'kulembapo tsiku, kenako limangidwe pamodzi ndi sitetimenti ndi masilipi ake m'fayilo imene mumasunga nokha.