Kulumikiza makompyuta a Windows akale ndi atsopano mu ofesi yaing'ono

Kompyuta ya Windows 11 ikakana kutsegula foda yomwe ili pa kompyuta ina mu ofesi, musathamangire kusintha mawaya. Kawirikawiri vuto limakhala pa SMB, njira yomwe makompyuta amagawanirana mafayilo.

Windows XP imadziwa SMB1 yokha, mtundu wakale wa SMB, ndipo Microsoft inayamba kuchotsa SMB1 mu Windows 10 mu 2017. Mutha kuiyatsanso, koma si nzeru: ndi khomo lomwe vayirasi ya makompyuta yotchedwa WannaCry inalowera chaka chomwecho. Kuli bwino XP ikhale payokha, mafayilo muzisamutsa ndi fulashi. Windows 7 ilibe vutoli chifukwa ili ndi SMB2, mtundu watsopanoko. Za HomeGroup, njira ina yakale yogawanirana mafayilo, iwalaniko: inachotsedwa mu Windows 10 mu 2018.

Pa kompyuta iliyonse netiweki ikhale Private, osati Public, ndipo muyatse Network discovery ndi File and printer sharing. Kompyuta yosunga mafayilo muipatse IP (adiresi yake pa netiweki) yosasintha, mwachitsanzo 192.168.1.20, kenako pa inzake mulembe \\192.168.1.20 mu File Explorer. Foda ikatseguka koma dzina la kompyutayo osaoneka pa Network, kawirikawiri ndiye kuti Function Discovery Resource Publication, yomwe imaonetsa kompyuta pa netiweki, ndi yozimitsa pa kompyuta yosunga mafayiloyo. Iyatseni mu Services. Pa Mac dinani Command ndi K mu Finder, mulembe smb://192.168.1.20.

Chomwe chimasokoneza ambiri ndi pasiwedi. Windows 11 Pro ya 24H2 (mtundu wotuluka mu 2024) imakana kulowa mu foda ngati mlendo, choncho tsegulani akaunti yokhala ndi pasiwedi pa kompyuta yosunga mafayilo, aliyense azilowera pamenepo. Dziwaninso kuti Windows 10 ndi 11 zimalola makompyuta 20 okha kulumikizidwa nthawi imodzi.