Kamwedwe ka ORS ndi zinki mukatsegula m'mimba cifukwa ca cakudya coipa

Welengani izi musanang'ambe kapaketi ka ORS (ufa wa shuga na mcele wosungunula m'madzi kuti ubwezele madzi m'thupi), cifukwa ambili amafuna mankhwala oimitsa kutsegula m'mimba pompo, koma nchito ya ORS ni ina, ndipo mukamvetsa cimene cikucitika m'matumbo simudzaileka pakati.

Mkati mwa matumbo muli kakhungu kopyapyala kwambili, maselo a mzele umodzi cabe, ndipo amasinthidwa pa masiku 3 mpaka 5 alionse. Mabakiteliya monga Salmonella, Campylobacter na Shigella akabwela na cakudya kapena madzi, maselo amenewa samangokhala ai. Amazindikila kamcila kamene Salmonella amasambila nako, ndiye amatulutsa mankhwala ochedwa IL-8 oitana maselo oyela a m'magazi kuti abwele kudzamenya nkhondo. Apa ndiye kutupa kumayambila. Matumbo amafiila, amaleka kuyamwa madzi bwino, m'mimba mumapota, thupi limatentha, nthawi zina cimbudzi cimabwela na magazi kapena zonanda. Kwa Salmonella izi zimayamba pakapita maola 6 mpaka 72 mutadya, conco si nthawi zonse pamene colakwa cili cakudya cothela cimene munadya.

Nkhondo imeneyi thupi kambili limapambana lokha pa masiku 2 mpaka 7, cimene cimapha ni kutha kwa madzi, makamaka kwa ana ang'ono. Koma maselo aja ngakhale atupe amakhalabe na kakhomo kamene kamalowetsa shuga na mcele pamodzi, ndipo madzi amatsatila. ORS anapangidwila kakhomo kameneka, ndiye cifukwa cake muyeso wake suyenela kusinthidwa.

Sambani m'manja na sopo. Thilani kapaketi konse mu lita imodzi ya madzi owilitsa amene azizila, ndipo onani pa paketi poyamba popeza ena amakhala a muyeso wina. Osaonjezela shuga, osacepetsa madzi poganiza kuti akhale amphamvu, mcele ukaculuka umamuvulaza mwana. Wosakwana zaka 2 mupatseni 50 mpaka 100 ml akangocita cimbudzi ca madzi, wa zaka 2 mpaka 10 amwe 100 mpaka 200 ml, wamkulu amwe mmene angathele. Mwana mumwetseni na kasupuni pang'onopang'ono, akasanza dikilani mphindi 10 muyambenso mosafulumila. Zotsala zikakwana maola 24 tayani, pangani zatsopano.

Mankhwala a zinki ni a mwana, 20 mg tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14, wosakwana miyezi 6 theka lake, 10 mg. Conde malizani masiku onse ngakhale cimbudzi cauma pa tsiku lacitatu, zinki imathandiza kakhungu kaja kumelanso ndipo imateteza mwana kwa miyezi iwili kapena itatu yotsatila. Kuyamwitsa osaleka, cakudya osamumana.

Mankhwala omanga m'mimba monga loperamide musapatse mwana, ndipo aliyense amene cimbudzi cili na magazi kapena thupi latentha asamwe, amatsekela mabakiteliya mkati momwe muli kutupa. Maantibayotiki naonso osagula mwekha, pali mtundu wa mabakiteliya a E. coli wochedwa O157:H7 umene ungafike powononga impso ndipo maantibayotiki angaonjezele ngozi imeneyo, asiyeni dokotala aone.

Pitani kucipatala lelo lomwe ngati mwaona magazi, maso alowa mkati, khungu mukalitsina silibwelela msanga, mwana akukana kumwa kapena ali lefu sakudzuka bwino, mkodzo wasowa, akusanza ciliconse, kapena masiku 3 apita osasintha. Cimbudzi cikamangotuluka ngati madzi otsukila mpunga ingakhale kolela, musadikile ngakhale ola limodzi, ndipo panjila pitilizani kumumwetsa ORS.